Esita wa pa Galamafoni

Mpaka lero mkazi wanga Naphiri akafuna kundikhazika chete pagulu, amangondinong'oneza kuti, "Pembamoyo." Pakamwa panga pamatsekeka nthawi yomweyo. Ana athu amayesa ndi mankhwala, koma nkhani yake ndi iyi.

Ndili mnyamata ku Zemba, m'zaka za m'ma 1950, a Yosefe a pasitolo anabwera ndi galamafoni kuchokera kumigodi. Mbale za nyimbo anali nazo zingapo, koma mtima wanga unagwa pa imodzi, ya a Lufeyo, woimba gitala amene ankapeka okha nyimbo zawo. Inkati, "Esita, sesa pabwalo, ndikubwera ndi lole ya Lachisanu." Galamafoniyo inali yothamanga (kachitsulo kena kanathyokera m'njira), ndiye nyimbo inkatuluka yovinika kwambiri. Mbaleyo inalinso ndi mng'alu. Singano ikafika pamenepo inkangobwerera, "Lachisanu, Lachisanu, Lachisanu," mpaka a Yosefe aichotse. Ife tinkati nyimbo yathera pomwepo.

Naphiri ndinamufunsira ndi nyimbo imeneyi. Mwana wathu woyamba atabadwa, ndinaumirira kuti akhale Esita. Apongozi anga, amene anali mkulu wa mpingo, anakondwa poganiza kuti dzinalo ndalitenga m'Baibulo (sindinawawongole).

Tsiku lina titatha kukumba mtedza, tinamva kuti a Lufeyo adzaimba ku Pembamoyo Loweruka masana. Tinanyamuka wapansi, Naphiri atabereka Esita. Ndinkayembekeza chimunthu cha suti, koma pansi pa mtengo wa mango panakhala kabambo koonda, kotsokomola, gitala yake yomangidwa ndi waya pakhosi. Atangokhudza zingwe, thupi langa linachita tsembwe. Mawu amene ndinkawamvera m'bokosi ankatuluka m'kamwa mwa munthu wopuma ngati ine, ndipo misozi inalengeza ndisanadziwe chifukwa chake.

Ndikanangokhala choncho, bwenzi zonse zili bwino.

Ataimba nyimbo zitatu anayamba ya Esita, koma pang'onopang'ono ngati munthu wosenza katundu pachitunda. Ndinapirira pang'ono, kenako ndinaimirira.

"Pepani bambo, mwaiwala nyimbo yanu. Imeneyi imathamanga."

Gitala inaleka. Naphiri anandikoka malaya, ine osamva. Ndinalowa pakati, n'kuyamba kuomba m'manja ndi kudula chiuno kuti ndiwakumbutse mayendedwe ake. Ndinaimbanso ndi mng'alu womwe, "Lachisanu, Lachisanu, Lachisanu." Anthu ena anaseka, ine n'kumati akundiyamikira. Pomaliza ndinaloza mkazi wanga n'kulengeza kuti mwana ali kumbuyoyo ndi Esita, dzina lochokera m'nyimbo yomweyi.

A Lufeyo sanakwiye. Anandifunsa motsitsa mawu, "Munaimvera kuti, achimwene?"

"Pa galamafoni ya a Yosefe."

"Mpaka kumapeto?"

"Ndimaidziwa yonse."

"Chabwino. Takhalani pansi mumveko ya ine."

Anayambiranso. Atafika pa Lachisanu paja sanabwerere, anapitirira. Lole inafikadi. Mwamuna wa m'nyimboyo anatsika ndi nsalu yatsopano ya mkazi wake, n'kupeza pabwalo posesa bwino monga anapemphera. Koma anasesa si Esita. Anasesa ndi anthu a pamaliro ake, pakuti anali atamuika dzulo lake, ndipo kalata ya uthenga inasemphana ndi lole panjira.

Amayi ena anaphimba nkhope ndi nsalu. Naphiri anamasula mwana kumbuyo n'kumufungata pachifuwa, osandiyang'ana. Ine ndinakhala pansi thukuta la gule lija likadali pamphumi. Nyimbo imene ndinaivina zaka zitatu ndinaimva koyamba tsiku limenelo.

Anthu akubalalika ndinapita kukagwada pafupi ndi a Lufeyo. Mawu opepesa ndinali nditawakonza, koma iwo anayamba ndiwo.

"Tabwera nayeni mwanayo ndimuone."

Anamunyamula nthawi yaitali, mwana akukoka batani la jekete lawo. Kenako anati, "Esita wanga uja ankakonda kuvina kuposa inu. Ku Zemba mukamuvinire ndithu. Dzinali musalisinthe."

Tinauyamba ulendo wobwerera kwathu. Titawoloka dambo, Naphiri anati, "Ndiye kuti ine munandifunsira ndi nyimbo ya maliro."

"Theka lake linali la chikondi," ndinatero.

"Theka linalonso ndi la chikondi. Inu ndi amene simudikira."

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinaphunzira kumvetsera munthu mpaka amalize. Koma Lamlungu lapitali m'tchalitchi ndinayankha "Ameni" mokweza, ndekhandekha, abusa atangoima kuti ameze malovu.