Chingwe cha M'khosi mwa Mwatitha

Amene mukudziwa kuti mitima yanu ndi youma nyamukani pompano mukakwere kabaza muzipita, chifukwa izi zinachitikira ine ndemwe, Lufeyo, pa denga la apongozi anga ku Mlonyeni, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze mwezi wa Juni. Mwakhala? Basi, musadzati sindinakuchenjezeni.

Ine ndine mkamwini. Inu amene munatenga mkazi kupita naye kwanu simuwadziwa mantha. Munda ndimalima ndi wa eni, nyumba ndinamanga pa dothi la eni, ana ndinabereka ndi a eni, changachanga ndi mkeka ndi njinga yopanda mabuleki. Ndiye pamudzipo pali amalume a akazi anga, a Dzoole, mwini mbumba, munthu amene akandiyang'ana amakhala ngati akuyesa m'maso kuti ndadya nkhokwe zingati.

Mlamu wanga Agnesi, chitsiriza cha apongozi, anapita ku Joni kalekale, ana anga aang'onowa samudziwa n'komwe. Kumeneko amayimba kwaya. Tsiku lina basi inatsitsa makatoni pa Kamwendo, munali TV yopyapyala ngati chitseko cha kabati, dishi, dikoda, sola ndi batire lake, ndipo madzulo ake anayimba foni kuti Lamulungu masana kwaya yawo ionetsedwa pa kanema, kamodzi kokha, ndipo TV imeneyi ndi ya HD, yoonetsa ngakhale thukuta la pamphuno. Apongozi anga maso awo anali atayamba ng'ala, chaka ndi chaka kukuda. Atamva anangoti, "Ndimuone mwana wanga maso asanatseke, kenako adzitsekera okha."

A Dzoole anali atapangana kale ndi mmisiri wa ku boma. Koma pakamwa panga, abale, pakamwa panga! Ndinangomva pakuyankhula pokha kuti mmisiri wa chiyani ine ndilipo, ine amene ndinagwira madishi a ku Chipata konse. Ndipo sindinaname, ndinawagwiradi, powatsitsa m'lole. A Dzoole anandiyang'ana nthawi yaitali, anatulutsa foni, anamuuza mmisiri uja kuti asavutike. Kenako anati, "Mkamwini, mlongo wangayu akapanda kuona nkhope ya mwana wake Lamulungu, mupinde mkeka wanu. Ana muwasiye, ali ndi eni ake." Akazi anga anayang'ana pansi. Thobwa limene ndinkamwa ndinaliika pansi.

Loweruka ndinakhoma dishi pa denga kuliyang'anitsa kum'mawa monga ndimaonera madishi a pa Kamwendo, ndinatsitsa waya, ndinalumikiza dikoda ku TV ndi tizingwe titatu tija, kofiira, koyera ndi kachikasu, ndinayatsa. Phokoso lokhalokha ngati mvula pa malata. Ndinati mawa.

Mawa lake mudzi wonse unapita ku tchalitchi, ndipo a Dzoole anapita ndi mawu oti akalengeze kuti anthu onse abwere kudzaona Agnesi mthunzi wa mango ukafika pa nkhokwe. Mukumva? Tsono ntchito ya dishi, inu osadziwa, ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pa denga kumapotoza pang'onopang'ono, wina amakhala m'nyumba kumakuwa kuti yabwera, yapita, bwererani. Ndipo munthu yekhayo amene anatsala pamudzi anali apongozi, amene chikwatirire ine sitinayang'anizanepo maso ndi maso, tikakumana pa njira wina amalowa m'thengo ngakhale muli chitedze, mawu sitipatsana pokhapokha pakati pakhale munthu wachitatu. Munthu wachitatu panalibe. Panali mbuzi.

Mbuzi imeneyi ndi mkota wa apongozi, dzina lake Mwatitha, imamangidwa pa mzati wa khonde pafupi ndi zenera. Ndili pa denga, ndikulingalira zolira, ndinamva mawu akutuluka pa zenera: "Mwatitha, uwauze a pamwambawo kuti ine ndakhala pa mpando, kuwala ndi mdima ndimasiyanitsa, makutu ndili nawo. Ayambepo." Ine ndinati, "Mwatitha, uwathokoze amayi, uwauze kuti ndikupotoza." Mbuzi inati mee. Ntchito inayamba.

Abale, malata amenewo anatentha moti mapazi anga anayamba kununkhira ngati nyama ya pa chiwaya, agalu a mudzi woyandikana nawo anabwera kudzakhala pansi kudikira, thukuta langa linatsika m'mizere ya malata n'kudzaza mgolo wa pansi pa denga umene mvula ya Januwale imalephera kudzaza, ndipo ine osasamala, sipanala kukamwa, dishi m'manja, diso ku mthunzi wa mango umene unkayenda ngati wamva kuti ku nkhokweko kuli ukwati. Ndinapotoza pang'ono. "Mwatitha, uwauze kuti ndi mvula yokhayokha." Ndinapotozanso, dzanja linaterereka, dishi linatembenukira kumadzulo, pomwepo m'nyumba munamveka munthu wa ku Zambia akuti manje manje imwe, mwangena bwanji muno, onetsani mapepala. Chithunzi kundifunsa mapepala ine, pa denga la apongozi anga! Ndinalibweza msangamsanga asanatumize apolisi, koma ndinapyola, linayang'ana kumwamba kwenikweni, ndinagwira ndege imene inkadutsa, woyendetsa wake akudya nthochi, ndipo ndege ija inakodwa mu siginolo yanga ngati mbalame pa ulimbo, inazungulira mudzi wathu mpaka ndinamasula nati imodzi kuti ipite. Mukumva? Funsani a ku mishoni ya Guilleme, anaiona ikuzungulira ali pakati pa ulaliki.

Mthunzi unali utadutsa mtondo. Ndinatsika, ndinanyamula mwala wa mphero, ndinaupsinja nawo kumutu kwake kuti uyambe wadikira. Unaphupha, unafuna kupulumuka, koma mwalawo ndi wa makolo, unagwira. Ndinakweranso.

Ndiye kunabwera mtambo. Kumwamba konse kuli mbee, kamtambo kamodzi kokha kochokera ku mapiri a Mchinji, kanayenda ulendo wonsewo kudzakhala patsogolo pa dishi langa penipeni ngati nkhuku pa mazira. Ndinakayimbira mluzu, ayi. Ndinakatukwana, ayi. Ndinasolola nsungwi ya pa chigafa cha fodya, ndinakakola, ndinakakoka mpaka pa denga, ndinakafinya ngati chitenje chochapa, madzi ake ndinathirira dimba la a Dzoole, ndipo tomato wa chaka chimenecho mmodzi ankadzaza ndowa, koma iwo mpaka lero sanathokoze. Nditangotaya chikhungwa cha mtambowo, ndinakankha dishi ndi chala chaching'ono, kakang'ono ngati ukuchotsa kachitsotso m'diso la khanda, ndipo pansi panamveka nyimbo.

"Mwatitha! Uwauze asiye pomwepo, asapume n'komwe!"

Ndinamanga manati osapuma. Ndinatsika mtima ukuvina, ndinafika pa zenera chammbali kuti maso anga asagwere pa apongozi, ndinasuzumira TV yokha. Mayo ine. Mawu analipo, anthu analipo, koma anthu ake ngati mbatata zovala malaya, nkhope zopanda mphuno, maso ngati munthu wapaka ndi chala chonyowa. Ine wamaso awiri abwinobwino sindikanasiyanitsa m'busa ndi mkazi wake, nanga apongozi? Ndinatsina rimoti paliponse, ndinapukuta galasi ndi malaya, ndinauzira tizingwe titatu tija, ndinatisinthanitsa, chithunzi chinangosanduka chobiriwira. Kuseri ndinamva phwa! Mthunzi unali utaswa mwala wa mphero, ukuthamangira ku nkhokwe. Ndipo kutsidya kwa dambo kunayamba kumveka amayi akuyimba pobwera, mudzi wonse ndi midzi ina, kutsogolo chipewa cha a Dzoole.

Apa ndisakunamizeni, ndinagonja. Ndinakhala pansi pa khonde. Ndinaona njinga yanga itatsamira khoma, ndinaona kansapato ka mwana wanga wamng'ono kali pa fumbi, kamodzi kokha monga amachitira, ndipo ndinayamba kuganiza kuti kwathu ndikafikira pati, poti munda wa mayi anga anagawana kale ana a alongo anga, ndipo kamwanako kadzakula kakuti bambo anga anali aja anathamangitsidwa ndi TV.

Mawu anatuluka pa zenera, apansipansi. "Mwatitha, uwauze kuti chingwe chili m'khosi mwakocho chinabwera m'katoni momwemo. Ndinachipapasa, ndinaona kuti n'chofewa, sichingakupweteke. Mwina eni ake ankachifuna."

Ndinatembenuka. M'khosi mwa mbuzi munali chingwe chakuda, chonenepa, mitu yake iwiri yaphwatalala yachitsulo ikulendewera ngati ndolo. Ndinakumbukira kabowo kaphwatalala kuseri kwa TV kamene ndinkati n'kolowera mphepo. Mukumva? Mbuzi inavala HD sabata yathunthu, n'chifukwa chake masiku amenewo inkaona chimanga cha m'nkhokwe kudutsa khoma.

Ndinalimbana ndi mfundo, apongozi amamanga mfundo ngati akumanga mlandu, ndinamasula ndi mano, mbuzi inathawa, ndipo tsopano ndinafunika kulowa m'nyumba momwe munali apongozi popanda wachitatu, ndiye ndinalowa chafutambuyo, chokwawa, maso ku khomo, matako kutsogolo ngati fululu wobwerera ku una, iwonso atafunda chitenje kumutu kuyang'ana khoma, ndinapapasa kuseri kwa dikoda, ndinabaya mutu umodzi, ndinapapasa kuseri kwa TV, ndinabaya wina, unakana, ndinautembenuza, unalowa, ndinazula titatu tija, ndinatsina rimoti, nyimbo za amayi zili pabwalo, ndodo ya a Dzoole ikugogoda pa sitepe, mthunzi ukukhudza nkhokwe.

Abale anga.

Chithunzi chimene chinatuluka pamenepo, maso a munthu sanapangidwire. Anthu anadzaza nyumba, ena m'mazenera, ena anasasula lata limodzi kuti aonere pamwamba. Poyamba anaonetsa malonda a mpunga, nkhuku zonse za pamudzi zinalowa n'kuyamba kujompha galasi, imodzi inakhuta. Kenako tchalitchi cha ku Joni, m'busa anakweza dzanja, thukuta lake linadontha pa nsalu ya tebulo lathu, a Dzoole anavula chipewa chifukwa munthuyo ankawayang'ana iwo enieni, ntchentche ya ku Joni inatuluka pakona ya TV n'kutera pa mphuno ya mkulu wa mpingo, yonenepa, yoyankhula chizungu, ndipo mayi wina wa kwayayo atationa tadzazana chonchi anachita manyazi n'kukonza duku. Fungo la mbuzi lokha ndi limene linali lathu, linkachokera ku chingwe.

Ndiye mzere wachiwiri, wachitatu kuchokera kumanja, Agnesi. Wanenepa, koma yemweyo, ndi kachipsera ka pachibwano kamene anagwa nako pa mjigo ali mwana. Anatsegula pakamwa kuyimba yekha. Ine ndinali nditatuluka kale, ndaima panja pa zenera kudikira mawu a apongozi, chifukwa chithunzi kuwala ndi nkhani ina, koma mawu a a Dzoole anali oti mlongo wawo aone. Apongozi anasendeza mpando mpaka mphuno kufuna kugunda galasi, ndipo kuwala kuja kunalowa m'maso mwawo ndi mphamvu moti ng'ala zonse ziwiri zinasendeka ngati makoko a mtedza wokazinga, zinagwa pansi, nkhuku yokhuta ija inatola n'kumeza, n'chifukwa chake sindingakuonetseni.

Mwatitha inali itabwerera, yaima pakhomo kuonera nawo. Apongozi anapukuta misozi, anati mokweza kuti aliyense amve, "Mwatitha, uwauze achimwene anga kuti mwana wanga ndamuona, ndi kachipsera komwe. Uwauzenso a pazenerawo kuti mkeka wawo ausiye pamene uli."

A Dzoole anatsokomola, anavala chipewa, anati chithunzi chake n'chabwinoko ndithu. Kwa iwo amenewo ndi mawu aakulu, sanawanenepo ngakhale pa ukwati wanga.

Mukuseka? Ndani akuti bodza? Ndege ndi yoona. Mtambo ndi woona, mwala wa mphero ulipo, wosweka pakati, bwerani mudzaugwire. Malo amodzi okha ndi amene ndawonjezera mchere, ndipo ndikuuzani poti a Dzoole sakhala pano.

Anthu atabalalika, dzuwa likupendeka, ndinakhala kuseri kwa mzati ndikupota luzi loti ndimangire mbuzi. Apongozi anatuluka akupapasa khoma monga mwa masiku onse, anapunthwa pa sitepe pomwe amapunthwa nthawi zonse, anakhala pansi, anagwira mbuzi khutu. Kaya ankadziwa kuti ndili pomwepo, kaya ayi, sindinafunse ndipo sindingafunse. Anati, "Mwatitha, izi zokha usawauze. Ine ndangoona kuwala basi. Koma mawu ndawamva, ndi a Agnesi. Kachipserako ndinapaka mankhwala ndine, ndingakaiwale? Nanga ndikanati sindinaone, adzukulu anga bambo akanawatenga kuti?"

Ng'ala zija sizinagwe, abale. Zilipo mpaka lero. Ine ndimatchedwa wabodza kuyambira pa Kamwendo mpaka ku malire, koma tsiku limenelo bodza limene linagwira ntchito silinali langa. Mbuzi inasunga chinsinsi, sinauzepo munthu. Pakamwa panga ndi pamene palibe chingwe.