Ng'ombe ya Dothi Inachira Kakhumi

M'mudzi wina wa kuseri kwa phiri munafika chitukuko cha foni. Ng'ombe ikadwala, komiti inkasiya uthenga kuboma, ndipo mlangizi wa ziweto ankaimbanso akapeza mpata. Mpatawo unkatha kupezeka mawa, unkathanso kupezeka chimanga chitacha.

A Lufeyo Zingani anali ndi ng'ombe imodzi yokha basi, ndipo Lolemba inatupa mimba. Atathamangira ku komiti anapeza a Mphwiyo, Wapampando Wamkulu Woona za Kuyesa Mayankho Ochedwa, munthu amene anaphunzira mpaka kuiwala fungo la khola. A Mphwiyo anafotokoza kuti foniyo iyenera kuyesedwa kaye isanatumikire munthu, ndipo poyesa sagwiritsa zinthu zenizeni chifukwa sizimvera. Mlangizi weniweni amachedwa. Ng'ombe yeniyeni imafa isanauzidwe.

Choncho anaumba ng'ombe ya dothi, namanga mlimi wa udzu n'kumuveka chipewa, nakoleka jekete pampando kuti likhale mlangizi. Mlembi wa komiti ankaimba foni m'malo mwa mlimi wa udzuyo, kenako n'kuzungulira kuseri kwa jekete n'kudziyankha yekha kuti ng'ombe yachira. Anayesa kakhumi, ndipo ya dothiyo inachira kakhumi. Komiti inaomba m'manja.

"Bwana, yangatu yagona pansi," anatero a Zingani Lachitatu.

"Yanuyo ingationongere zotsatira, bambo," anayankha a Mphwiyo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lachinayi foni inapambana mayeso, mlembi n'kusiya uthenga kuboma. Lachisanu inalira. Anali mlangizi weniweni, atakwera kale njinga yamoto, akufuna mwini ng'ombe anene msanga mmene ikudwalira. A Zingani anatambasula dzanja. Koma mlembi atayang'ana pafomu anapeza kuti mwini ng'ombe wolembedwa akadali wa udzu uja, pakuti palibe anakumbukira kumuchotsa mayeso atatha. Lamulo ndi lamulo. Anagunditsa foni kumphepete kwa chipewa.

Mlangizi anafunsa katatu. Posamva dandaulo lililonse, anayamikira mudziwo chifukwa cha ziweto zathanzi, nazimitsa njinga.

Loweruka m'mawa a Zingani anasenda ng'ombe yawo pansi pa mtengo wa mango. Oyamba kufika anali a Mphwiyo, beseni lili m'khwapa, mlembi ali pambuyo ndi mchere. A Zingani sanadzutse mutu. Anangoloza ndi mpeni kumene kunali ya dothi, n'kuwauza akadule kumeneko ntchafu imene akufuna.

A Mphwiyo anakonza tayi.

"Bambo Zingani, tisaseweretse chitukuko. Pa nkhani ya ndiwo, komiti imagwira ntchito ndi zenizeni zokhazokha."