Udokotala Wanga wa Sabata Imodzi ku Skerries

Lolemba

Mayi amene ankasangalatsa okalamba athu Lachisanu lililonse masana amuchotsa ntchito. Akuti chuma cha dziko chagwa. Nyumba yosamalira okalamba ino, ya ku Skerries kuno ku Ireland, ili ndi mabedi anayi opanda anthu. Ine maola anandidula kale, ndimaweruka wani koloko. Bambo a kunyumba ntchito yomanga inatha, amangokonza zinthu zosawonongeka.

Manejala wathu, Mayi Orla: "Amene ayendetse bwino Lachisanu lino, masanawo akhala ake."

Mkono wanga uli m'mwamba mutu usanavomere.

Masewera a bingo awakwana onse. Kuimba sinditha. Ndiye a Fintan a m'chipinda namba naini, amene anagwira ntchito ku laibulale moyo wawo wonse, akundilozera pansi pa bedi. Chibuku cholemera ngati njerwa ziwiri. Muli zithunzi za m'mabuku akalekale, olembedwa pamanja pa zikopa, zosonyeza mmene azungu ankachiritsirana zaka mazanamazana zapitazo.

"Uwaphunzitse zimenezi, palibe agone."

Pulani:
kuwerenga buku,
kupanga fotokope,
kuyankhula mphindi fote,
kutenga Lachisanu langa!

Lachiwiri

Ndikutsegula bukulo m'sitima. Tsamba loyamba kugwerapo: munthu wawerama, malaya m'mwamba, dokotala ali kumbuyo kwake ndi mpeni. Bambo wa tayi amene ndakhala naye akusuzumira kamodzi. Akusamukira mpando wina.

Zomwe ndaona ndisanafike ku Malahide:
wina akumuboola chigaza,
wina akumuwotcha pamimba ndi chitsulo chamoto,
wina misundu ili mbwee pamwendo,
wina ali ndi mkondo, nkhwangwa, lupanga ndi chibonga m'thupi nthawi imodzi, koma waima chilili ngati akudikira basi.

Chondidabwitsa ndi nkhope zawo. Palibe akulira! Woboola chigaza akumwetulira, wobooledwa nayenso akumwetulira. Ine a Con, mmodzi wa okalamba athu, ndikangowayandikira ndi chowengera zikhadabo amaitana oyera mtima onse a mu Ireland.

Ndikumuonetsa Misozi, nesi wa ku Chipata, pa nthawi ya tiyi. Akutseka bukulo ndi chigongono.

"Imwe amai, mufuna kupaya nkhalamba na mantha?"

Nsanje basi.

Lachitatu

Ndapeza chithunzi chabwino choitanira anthu. Gudumu la mabotolo, lililonse mtundu wake: loyera, lachikasu, lofiira, lobiriwira, mpaka lakuda bii. Ndi mikodzo. Dokotala wakale ankangokweza botolo padzuwa n'kunena matenda ako, ngakhale tsiku lokasema bokosi.

Makina a fotokope ndi akuda ndi oyera basi. Ndikupaka ndekha ndi makrayoni a adzukulu a Mayi Bríd a m'chipinda namba fayifi. Ndikumata pakhomo la chipinda chodyera. Pansi pake: LACHISANU, 2 KOLOKO, BWERANI NONSE.

Pofika nkhomaliro pali mzere wa mawilitcheya. Anthu amene savala magalasi powerenga kalata za ana awo avala magalasi.

Palibe wamwa juwisi wa maapozi.

Ndamatanso china pambali: munthu wamaliseche wojambulidwa nkhanu pachifuwa, nsomba kumapazi, nkhosa pamutu. A Fintan akufotokozera anzawo kuti nyamazo zikuimira magulu a nyenyezi amene mwezi umadutsamo, ndipo akale sankatulutsa munthu magazi mwezi ukakhala pamalo olakwika. Onse akugwedeza mitu. Ndikuweruka ndikuyenda ngati pulofesa.

Lachinayi

Eyiti koloko m'mawa. Patebulo langa pali:
makapu atatu a tiyi,
botolo la jamu,
kapu yosungiramo mano oikirira,
mphika wa maluwa, maluwawo ali pambali.

Zonse zofunda!

Mayi Bríd: "Dokotala, mkodzo wanga ndi wa m'botolo la jamu. Usandibisire, ndakhala kokwanira."

Ndikuwauza kuti ine ndine wosambitsa ndi kudyetsa anthu basi. Akuti dokotala wawo weniweni amangoyang'ana kompyuta, bola ine ndimayang'ana munthu.

Teni koloko Misozi akubwera ndi jakisoni kudzatenga magazi okayeza. A Con apinda mikono. Akuti mwezi uli pankhanu, abwere sabata yamawa. Ena awiri nawo akana. Misozi akundiyang'ana, akungoloza ofesi ndi jakisoniyo.

Mayi Orla aika zithunzi zanga zonse patebulo chadodolido. Malamulo a mawa: pasakhale mkodzo, magazi, mpeni, moto, misundu, kapena chilichonse cha kumunsi kwa lamba. Komanso mawa kubwera banja lina kudzaona malo, likufuna kusiya mayi awo pano. Bedi limodzi lidzaze.

Ndikufufuza buku lonse. Chatsala chithunzi chimodzi: tsamba la chitsamba chooneka ngati bonongwe.

Mphindi fote. Bonongwe.

Lachisanu

Anthu khumi ndi awiri, ngakhale a Con. Ndavala bulauzi ya kutchalitchi.

Mphindi zinayi za bonongwe. Awiri agona. A Fintan akutsokomola, akutulutsa kabichi pansi pa bulangete. Akuti wakukhitchini wawabwereka. M'thumba la jekete akutulutsa chotsegulira vinyo.

"Uyu ndi msilikali wagwa pahatchi. Tiyeni timuthandize, timuboole chigaza."

Ogona aja adzuka!

Ndikuyesa kubwerera ku chitsamba. Mayi Bríd akukweza dzanja: "Kwanu ku Africa mumachitabe zoterezi?"

Ndikanangoti ayi. Koma ndikupinda mkono wa bulauzi, ndikuwaonetsa mphini zimene anandicheka ndili mwana, nditadwala chifuwa. Ndikuti kenako anandipititsa kuchipatala cha mishoni, ndipo mpaka lero mbali ziwirizo zimakanganirana kuti anandichiritsa ndani.

Kenako Mayi Bríd akuti iwo amayi awo ankawapaka mafuta a tsekwe pachifuwa n'kumatapo pepala la khaki dzinja lonse. Wina akuti chithupsa ankachimanga ndi buledi wowiritsa mumkaka. A Con akuti njerewere zawo anazichotsa bambo wina wa ku Mayo pongozilavulira. Ndiye akuti chipsera chenicheni ndi ichi, cha opaleshoni ya ndulu, akukweza malaya. Wina akuti chimenecho n'chamasewera, onani changa. Wina akumasula lamba.

Aliyense akuyankhula. Mayi wina amene sindinamvepo mawu ake chibwerereni pano akuseka mpaka misozi.

Chitseko chikutseguka. Mayi Orla, bambo wa jekete yodula, mkazi wake, ndi mayi wachikulire wa ndodo.

Chimene akuona: mimba zisanu ndi ziwiri pamtunda, thalauza imodzi m'maondo, ine mkono pamtunda ngati ndikulumbira, a Fintan chotsegulira vinyo chili tsonga m'kabichi.

A Fintan: "Musade nkhawa, wodwalayu sakumva kanthu."

Loweruka

Tsiku lopuma. Uthenga pafoni: Lachisanu masana kuzikhala bingo, woyendetsa ndi mwana wa mchimwene wake wa Mayi Orla. Maola anga akhala momwemo. Tikambirana Lolemba.

Misozi akuimba. Akuti banja lija lapita kukaona nyumba ina ku Swords, ngakhale mayi wachikulire uja anafunsa kawiri ngati kabichi imachitika sabata iliyonse. Akuseka mpaka kutsamwa. A Con alola magazi, akuti mwezi wasuntha.

Bambo a kunyumba akuwerenga bukulo kukhitchini, akuyang'ana bokosi lawo la zipangizo zomangira.

"Zonsezi ndili nazo, amayi. Ndinangobadwa mochedwa."

Ndabisa bokosilo.

Lamulungu

Shifiti ya m'mawa, kutchalitchi ku Blanchardstown ndajomba. Mvula. Ndikubweza buku ku namba naini.

A Fintan akukana kulandira. Akuti lizikhala kwa ine, iwo zithunzizo anasiya kuziona chaka chatha. Ng'ala m'maso onse awiri, ali pamndandanda wa kuchipatala, sakudziwa kuti adzaitanidwa liti. Zonse za sabata ino amanena za pamtima. Ine kuwasambitsa tsiku ndi tsiku osadziwa.

Akuti chakumapeto kuli tsamba la dokotala akuchotsa ng'ala ndi singano.

"Manja ako sanjenjemera. Ikafika Isitala asanandiitane, ubwere ndi singano."

Ndakana. Ndakananso.

Ndiye akuti chabwino, ndingowauza zomwe zili pachithunzipo. Ndikukhala pamphepete pa bedi. Dokotala wavala mkanjo wobiriwira, nsapato zosongoka. Wodwala wakhala pampando, wagwira kabotolo m'manja. Singano yatsala pang'ono kulowa.

"Nkhope yake?"

Akumwetulira, a Fintan.

"Chitsiru," akutero, akutseka maso. "Tembenuza tsamba."

Belu la chipinda namba sikisi likulira. Lidikire pang'ono.