Chiphaliwali ndi Nankafumbwe

A Hector, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango panjira yokwera kuphiri la Michesi, anali munthu yekhayo m'Phalombe monse amene akanakana kukumatira chubu chifukwa choti wanyoza woimba gitala. Anali ndi makaseti awiri okha a nyimbo zachizungu zija amati hevimeto, zimene anthu akuno ankangoti chigayo. Anawapatsa ndi mzungu wina yemwe ankamuphikira ku Blantyre adakali mnyamata. Makasetiwo analibe zikuto ngakhale zolemba, ndiye oimba magitalawo a Hector anawatcha okha mayina. Wa pakaseti yakuda anali Chiphaliwali, mfumu ya magitala. Wa pakaseti yofiira anali Nankafumbwe, ndipo ankamuika m'wailesi pofuna kumutukwana basi.

Wailesiyo ankailumikiza ku batire la galimoto. Ikayamba, mbuzi zinkadula zingwe, ndipo amayi ochokera kuphiri ankadutsa pamenepo chothamanga, mitolo ya nkhuni ili pamutu. Mkulu wina wa mpingo anapitako kuti akaipempherere. A Hector anamupatsa mpando n'kumuuza kuti asanatulutse chiwanda ayambe wachimva. Mkuluyo anachoka patapita maola awiri, pemphero ataliiwala, akunena kuti wa pakaseti yakudayo ali ndi luso ndithu.

Ine ndine wa ku Ntchisi, ndinabwera kuno kudzaphunzitsa masamu. Sabata yoyamba yomwe tcheni cha njinga yanga chinaduka.

"Aphunzitsi, za tcheni dikirani kaye," anatero a Hector. "Tamverani uyu, kenako uyu. Mwamuna ndi uti?"

Kunena zoona, kwa ine onse awiri ankamveka ngati malata akugwa m'lole. Koma ndinabadwa ndi matenda osafuna kuvomereza za mnzanga.

"Wofiirayu," ndinatero.

Anaika sipanala pansi pang'onopang'ono. "Nankafumbwe? Sukulu munalekeza kalasi yanji inu?"

"Ali ndi liwiro."

"Liwiro ali nalo ngakhale wakuba. Ameneyu akungoboola chimanga. Chiphaliwali akagwira waya mmodzi, wayayo amakuuza mavuto ake onse."

Tcheni chinatenga masiku atatu, ndipo mkangano unatenga zaka zisanu ndi zinayi. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza kampando kanga kali kale pamthunzi. Kaseti ankaibweza ndi sipoko ya njinga, kufuna pamalo pomwe Chiphaliwali amalira yekha, ndipo pakafika pamenepo ngakhale wakabaza wothamangira odwala ankayenera kudikira. Ine ndinkati wawoyo amachedwa ngati mvula ya chaka cha njala. Iwo ankati wangayo ndi njinga yopanda mabuleki yotsika phiri. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumukondadi Nankafumbwe, mpaka ndinkapezeka ndikukanda rula ngati gitala ana akulemba mayeso.

Akazi awo, a Rozaria, ankabwera ndi mbale ya kalongonda n'kuiika pakati pathu. "Idyani," ankatero. "Anthu akuluakulu kukanganira azungu oti sadziwa n'komwe kuti kuli Phalombe."

Tsono ndinagula foni yamakono, ija imamvera nyimbo n'kukuuza woimba. Linali Loweruka, akabaza atadzaza pansi pa mango paja. Ndinaiyandikitsa ku wailesi ikulira kaseti yakuda, inatulutsa dzina ndi chithunzi cha mzungu watsitsi lofika m'mapewa. Ndinati aike yofiira. Dzina lomwelo, tsitsi lomwelo. Gulu limodzi, woimba gitala mmodzi, kungoti yofiirayo inatuluka patapita zaka zitatu.

Ndikanatha kubweza foni m'thumba. Ndikanatha kudikira anthu achoke. M'malo mwake ndinaimirira ngati ndili pa asembule.

"Amangwetu, tamverani. Zaka zonsezi a Hector akhala akutukwana Chiphaliwali wawo yemwe."

Ndinayendetsa foniyo dzanja ndi dzanja. Goodman wakabaza anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Wina anati n'chimodzimodzi kuyamikira mkazi wako akavala chitenje chakuda n'kumuthamangitsa akavala chofiira. Palibe anakumbukira kuti inenso ndinali chitsiru cha mkangano womwewo, chifukwa foni inali yanga. A Hector anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuzimitsa wailesi.

"Wotsatira abweretse njinga," anatero.

Manyazi anandigwira ndisanafike n'kunyumba komwe. Mawa lake sindinapiteko. Ndinati ndidikire mtima wawo uzizire, kenako ndinati ndidikire mayeso athe. Ndinayamba kuzungulira njira ya kudambo, matope mpaka m'mawondo, kuopa mtengo wa mango. Njinga ikaphwa ndinkaikankha ulendo wa ola lathunthu kupita kwa Eneya, munthu wokonza njinga ali chete ngati akusambitsa maliro. Inatha miyezi inayi. Tsiku lina ndili m'kalasi ndinamva kuti a Hector agwa ali pantchito, ndipo sanafike kuchipatala. Pamaliro ndinaima kumbuyo kwenikweni.

Patatha sabata a Rozaria anabwera kusukulu ndi kajumbo. Munali makaseti awiri aja, komanso zikuto ziwiri zakale zothimbirira. Pa zonse ziwiri panali mzungu wa pafoni uja ndi tsitsi lake.

"Izi zinkakhala m'sutikesi, pansi pa jekete laukwati," anatero. "Ankadziwa kuyambira ku Blantyre."

"Nanga bwanji sananene, mayi?"

"Ankati munthu mukagwirizana naye amangokonzetsa njinga n'kumapita. Inu munkakhala."

Ndinabweza zikuto zija m'kajumbo, iwo n'kupitiriza.

"Kuseka kuja sikunawapweteke, tsiku lomwelo anadya bwinobwino. Koma kampando kanu ankakatulutsa tsiku lililonse, madzulo n'kukalowetsa. Ankati akukusungirani mfundo yatsopano. Akuti munthuyo ndi mmodzi, inde, koma poimba yofiirayo anali atakhuta, ndipo wokhuta saimba gitala."

Ndinaseka pamaso pa mayi wamasiye, kenako misozi inatuluka, ana akusuzumira pazenera.

Masiku ano pansi pa mango paja pali zii. Mbuzi zimagona pomwe pankakhala batire, ndipo amayi a nkhuni amatula mitolo pamenepo n'kupuma. Goodman akuti njira ija yatalika. Ine ndinasiya ya kudambo, ndimadutsa pomwepo tsopano, poti woti ndimuthawe palibenso.

Makaseti aja ndimawamvera Loweruka masana, yakuda kenako yofiira, ndikubweza ndi sipoko. Ndamvetsera mokwanira, ndipo a Hector ankanena zoona: pa yofiirayo munthu uja anali atakhuta. Akanakhala kuti a Hector alipo, ndikanakhala pakampando kaja n'kuwatsutsa mpaka dzuwa kulowa.