Ndinapha Mkazi Wanga ndi Pakamwa Pofuna Malo ku Mozambiki

Pasipoti yanga ili ndi zidindo za ulendo umodzi wokha, ndipo ndikaziona makutu anga amatentha mpaka lero. Anzathu akapita kunja amabwerako ndi zikwama zodzaza katundu. Ine ndinabwerako ndi matuza m'manja, nditakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya mlamu wanga, nditamukakamira m'chiuno ngati mwana wopita kusikelo.

Ndiyambe ndi kumene ndinachokera kuti mundimvereko chisoni pang'ono musanayambe kundiseka. Ndinabadwira ku Mozambiki, kuseri kwa Mandimba, ndipo m'Malawi muno ndinalowa ndili kumsana kwa amayi pothawa nkhondo ya Apwitikizi. Amayi anamwalira ndili kamnyamata. Ndinakulira m'manja mwa anthu, ndinaphunzirako pang'ono, kenako ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina pa boma la Mangochi. Nditakwatira Abiti Saidi ndinakalowa chikamwini kwawo, kutsidya kwa mlatho wa Shire, ndipo ndakhala komweko zaka zoposa makumi atatu.

Mwini mbumba pamudzipo ndi mlongo wawo wamkulu wa akazi anga, Che Jafali, wogulitsa nsomba zouma. Munthu ameneyu pakamwa pake sipazizira. Zaka zonsezi moni wake unali umodzimodzi: “Alendo athu adzuka bwanji?” Ine ndimvekere kuseka, koma kuseka kwa mano okha. Ndinkadziwa malire anga. Pakhomo pathu panalibe mtengo ngakhale umodzi wodzala ine, chifukwa mkamwini akadzala mtengo anthu amati wayamba kudziyesa mwini nthaka. Mthunzi wanga unali wa pakhonde basi.

Chimene chinandisokoneza mutu ndi za a Matola, mkamwini mnzanga wa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Akazi awo atamwalira, sadaka ya maliro itangotha, akuchikazi anawasudzula. Ndinawaona ndi maso angawa akukankha njinga, pakaliyala atamangapo mkeka ndi kawailesi, munthu wa imvi mbuu akubwerera kumudzi kumene anachokako ali mnyamata. Iwo bola anali nako kobwerera. Nanga ine? Chaka chimenecho n'chomwe ndinkayenera kupuma pa ntchito, ndipo ndinachita mantha enieni, mantha oti tsiku lina ndidzasowa pogona ndi poikidwa pomwe.

Apa m'pamene anatulukira Che Amidu, wamalonda wodutsadutsa pa chipata cha malire cha Chiponde ndi zitenje. Anandiuza kuti kwathu ku Mozambiki malo ndi mbwee, ongofuna munthu. Ndinayamba kukonzekera mobisa ngati wakuba. Che Amidu anati kachiphaso ka pachipata n'kokwanira, koma ine ndinakana, ndinati munthu wopita kunja kukagula malo ayenera kukhala ndi pasipoti yeniyeni. Ndinagula suti pa kaunjika ndi chikwama cha matayala. Pa foni ndinaloweza mawu awiri a Chipwitikizi, “bondiya” ndi “obrigadu”, ndipo ndinkawayeserera m'chimbudzi cha ku ofesi. Pa pepala ndinajambula nyumba ya zipinda zitatu, kuzungulira ndinalembalemba mitengo ya mango yochuluka kuposa nyumbayo.

Kunyumba ndinanama kuti tikupita ku Liwonde ku maphunziro a anthu opuma pa ntchito. Abiti Saidi anandisitira sutiyo bwinobwino, nandipindira kampango koyera m'thumba. (Kampangoka kasungeni m'mutu, kabweranso.)

Minibasi ikukwera zitunda za ku Namwera, Che Amidu anandinong'oneza malangizo. “Kumeneko musakanene kuti muli ndi banja ku Malawi. Akakuyesani wabizinesi, akakukanizani. Mukanene kuti mwatsala nokha, mukufuna kudzafera kwanu.” Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva nzeru za m'buku. Titadutsa chipata tinakwera njinga zamoto mpaka kumudzi wina wa patali ndithu ndi msewu. Kumeneko anandipereka m'manja mwa Che Bwanali, nkhalamba yosekaseka ya mano owerengeka, mwini mbumba wa pamenepo. Atatero Che Amidu anati akukaona katundu wake, ndipo sindinamuonenso.

“Bondiya,” ndinatero nditavula chipewa.

“Mwaswera bwanji, bambo,” anayankha Che Bwanali m'Chichewa chosalala kuposa changa. Chipwitikizi changa chinathera pomwepo.

Tinakhala pamkeka, pambali pake azimayi akusola nyemba. Ndinafotokoza kuti ndine mwana wa dziko lomwelo, ndafika pa ukalamba, ndikufuna kugula malo omangapo. Mayi wina wachikulire anafunsa kuti nanga akunyumba ali kuti. Ndikanangoti tinasiyana, kapena ndikanatsokomola n'kusintha nkhani. Koma pakamwa panga panathamanga kuposa mutu.

“Anatisiya chaka chatha,” ndinatero.

Azimayi aja anati “ii pepani” onse pamodzi. Nditaona kuti zikugwira, ndinatulutsa kampango kaja n'kupukuta m'maso mouma. Inde, komwe kaja anasita malemuwo dzulo lake.

“Anali a kwa ndani?” anafunsanso mayi uja.

Bodza limafuna anthu aluso lake, ndipo ine luso limenelo ndilibe. Dzina lopeka linakana kubwera. Ndinangotchula zoona zokhazokha: Abiti Saidi, mlongo wawo wa Che Jafali a nsomba, mudzi wakutiwakuti kutsidya kwa mlatho. Mayi uja anasiya kusola nyemba, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananyamuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinkati chisoni chawagwira.

Che Bwanali anayankhula mosabisa. “Malo kuno sitigulitsa, bambo. Nthaka ndi ya boma, ndipo pamudzi pano ndi ya azimayi mukuwaonawa. Koma mwamuna woferedwa sitimugoneka panja. Mawa mukaone munda.” Mawu omveka bwino chonchi, mwana wa sitandade wani akanawamva. Koma ine, kalaliki wa pa boma, ndinati ameneyu akungokweza mtengo, mawa tikamvana.

M'mawa mwake ananditengera kumunda waukulu wa zitsa, dzuwa la mu Okotobala litayamba kale kuluma. Anandipatsa khasu. “Tione dzanja lanu,” anatero. Ndinaganiza kuti ndi mwambo wa kumeneko kuti wogula alawe yekha nthaka. Ndinavula jekete, ndinapachika tayi pachitsa, n'kuyamba kugalauza. Munthu amene chida chake cholemera kwa zaka zonsezi chinali sitepula. Pofika masana manja anali atatupa, msana ukulira, buluku la suti lafiira mpaka m'mawondo. Koma mumtima ndinkasangalala, ndinkati apa padzakhala khonde, apo chitsime, uko mango.

Kenako kunabwera mayi wina wathupi labwino, Abiti Ali, mwana wa mlongo wawo wa Che Bwanali. Anagwada n'kundipatsa thobwa la m'chipanda. Madzulo anandiikira madzi otentha kubafa, anandiphera nkhuku, anandichapira malaya. Ana ake anayamba kundibweretsera mpando ndisanapemphe. Ine ndinkangoti koma ku Mozambiki kuli ulemu, a ku Mangochi abwere adzaphunzire. Ndinayesanso kuponyapo “obrigadu” wanga uja, mayiyo n'kuseka chobisa nkhope m'chitenje. Tsiku lotsatira ndinalimanso, mwamphamvu kuposa dzulo, kuti aone kuti malowo ndawafunadi.

Ndikupuma pansi pa mtengo, Che Bwanali anabwera akumwetulira mpaka nkhama zonse poyera.

“Takuonani, bambo. Kulima simudziwa, koma khama muli nalo. Mwana wathuyu wati palibe vuto, nayenso ndi woferedwa. Tsopano tumizani mawu kwa ankhoswe anu.”

Thobwa linandilowa m'mphuno. Munda umene ndinkaulimawo unali wa Abiti Ali, ndipo amene ankayesedwa si nthaka, ndinali ine. Ndinathawa chikamwini ku Mangochi, ndinadula pasipoti, ndinadutsa malire a dziko, kudzafunsira chikamwini china ndi khasu m'manja.

Ndisanapeze poyambira, tinamva njinga yamoto ikulira m'kanjira. Woyendetsa anali atavala mkanjo woyera ndi kofiya, ndipo mapewa akewo ndinawazindikira ali patali. Anali Che Jafali.

(Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Mayi wosola nyemba uja anali ndi mng'ono wake wogulitsa mumsika wa pa boma la Mangochi, ndipo atalowa m'nyumba muja anamuimbira foni kumukalipira kuti bwanji sanawauze za maliro a Abiti Saidi. Uthenga unayenda mumsika monse. Azimayi ananyamula ufa ndi nkhuni, analowa m'mudzi mwathu akulira, n'kuwapeza malemuwo akuyanika usipa pathandala. Akuti awiri anataya nkhuni n'kuthawa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga mlomo unafika kunyumba ine ndisanafike.)

Che Jafali sanafulumire. Anaimika njinga, anapereka salamu kwa aliyense, anafunsa za mvula ndi za mbuzi, analandira thobwa. Ine ndili chiimire ndi khasu, ndikulakalaka nthaka ija itanditsegukira. Atamwa anapukuta pakamwa n'kunena modekha:

“Ndabwera kudzafunsa alamu angawa kumene anamuika mlongo wanga. Chifukwa ine m'mawa uno ndamusiya akukazinga mandasi.”

Amene anayamba kuseka ndi Abiti Ali, anaseka mpaka kukhala pansi. “Ndinadabwa ine,” anatero, “woferedwa wanji wa kolala yosita chonchi?” Che Bwanali anati bodza lotere ndi mlandu, ndipo chindapusa chake n'chakuti ndimalize mundawo. Che Jafali anavomera msanga kwambiri, mochita kuonetsa kuti akukondwa. Anakhala pamthunzi n'kumandilozera pamene ndadumpha. Ndiyenera kunena kuti anthu amenewo anandichitira chifundo, chifukwa kwina ndikanatuluka ndi mabala. Potsanzikana Abiti Ali anandipatsa nyemba zoti ndikawapatse “malemu”.

Pobwerera, pa zitunda za Namwera, Che Jafali anaimika njinga kuti injini izizire. Sanandiyang'ane.

“Alamu, mlongo wanga anakulakwirani chiyani?”

Ndinati palibe. Kenako zonse zinangotuluka zokha: za a Matola ndi mkeka wawo, za kupuma pa ntchito, za kuti ine kwathu kwenikweni kulibe, za moni wake wa tsiku ndi tsiku uja. Ulendo uno misozi inali yeniyeni, ndipo kampango kaja kanali katatsala kumunda. Ndinkadikira kuti andiseke. Anangoti, “Kwerani.”

Kunyumba Abiti Saidi anandilandira pakhomo manja ali m'chiuno. “Lowani, malemu akutenthetserani madzi.” Anayang'ana suti ija n'kupukusa mutu. Kwa masiku angapo ankandipatsa chakudya osayankhula, ndipo ndinkadya ngati ndikutafuna mchenga. Tsiku limene anatsegula pakamwa ananena zochepa: “Kundipha sindikudandaula kwambiri. Chikundiwawa n'chakuti munali ndi mantha chaka chonse, tikugona nyumba imodzi, osandiuza.”

Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, ndinaona Che Jafali akubwera ndi gulu: alongo ake onse, ana awo aamuna akuluakulu, ngakhale azakhali awo oyenda ndi ndodo. Ndinati basi, kusudzulidwa kuja kwabwera mkazi ali moyo. Ndinayamba kuganiza ngati njinga yanga ili ndi mpweya kapena ayi.

Che Jafali anatsitsa pansi timachubu tiwiri takuda, muli mbande za mango.

“Alamu,” anatero, “ife zaka zonsezi timadabwa. Munthu wabereka nafe ana, waika nafe maliro, koma osadzala ngakhale papaya. Timati mtima wake uli kwawo, tsiku lina adzatithawa. Kani inu mumadikira ife, ife tikudikira inu.” Anatembenukira kwa anyamata aja. “Inu ndi amene mudzatsale. Mwaona ndi maso anu. Mitengo iyi ndi ya bambo awa, ndipo mwini mtengo sachotsedwa pa mthunzi wake, mlongo wanga akhalepo kapena asakhalepo. Mwamva?” Onse anati amva. Azakhali aja anawonjezera kuti kumanda kwawonso malo alipo ambiri, ndisavutike ndi pasipoti.

Anandipatsa khasu. Matuza a ku Mozambiki anali asanapole, koma maenje awiri amenewo ndinakumba osamva kuwawa. Ndinalephera kunena zikomo bwinobwino. Ndikunena pano: zikomo Che Jafali, munthu amene ndinkamuyesa mdani chifukwa cha moni.

Nditaphunzirapo chiyani? Mwina kuti funso limene ndinakalifunsa kutsidya kwa malire ndikanalifunsa pakhonde panga. Koma kunama sindinasiyiretu, chifukwa anzanga a ku ofesi mpaka lero amadziwa kuti malo a ku Mozambiki ndinawakana ndekha, nthaka yake inali ya miyala.

Mango aja tsopano andifika m'chiuno. Ndinawamangira mpanda wa minga, ndipo mbuzi iliyonse ya m'mudzimo ikundidziwa. Abiti Saidi akuti akadzayamba kubereka, oyamba kulawa adzakhale malemu. Che Jafali sanasinthe, m'mawa uliwonse akamadutsa amakuwabe kuti, “Alendo athu adzuka bwanji?” Ndimayankha kuti ndadzuka bwino, ndili chiweramire, ndikuthirira mitengo yanga.