Botolo Limene Linatsala Pang'ono Kundigoneka ku Mukobeko

Mpaka lero ndikamva botolo likusweka, ndimakumbukira tsiku limene ndinatsala pang'ono kumangidwa. Zinayamba ndi ulesi, ndili mphunzitsi watsopano wa sayansi ku Kabwe, masiku a chipani chimodzi.

Lachisanu lina ndinaonetsa ana kusiyana kwa alidehaidi ndi kitoni. Umasakaniza mankhwala a siliva ndi amoniya, n'kudonthezamo chimene ukuyesa. Alidehaidi amasandutsa chubu kukhala kalilole wonyezimira, koma kitoni amangokhala duu. Ahedi ataona kalilole uja anasangalala.

"Mande kubwera akuluakulu a chipani. Ukabaonese ivi," anatero.

Buku limanena momveka kuti zosakanizazo uzitaye tsiku lomwelo, chifukwa zikakhalitsa zimaphulika. Ine ndinkadziwa (ndinakhozanso funso limenelo pa mayeso), koma kusakanizanso Lolemba kunandikulira. Zotsala ndinazisiya m'botolo pawindo.

Lolemba bwana wa chipani anafika ndi apolisi awiri komanso amayi a chipani atavala zitenje zofanana. Ndinamupatsa chubu cha Lachisanu, iye n'kumadziyang'aniramo, akukonza tayi. Ine pofuna kupanga kalilole wina pamaso pake, ndinakoka botolo lija.

Phuu!

Magalasi anamwazika, amayi anakuwa, ahedi anatulukira pawindo (munthu wa mimba ngati mtsuko). Wapolisi anandigwira pakhosi.

"Ndani wakutuma kuika bomba?"

Ndinachita mantha osaneneka. Bambo anga anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito pa mgodi, ndipo masiku amenewo mwana wa mlendo wophulitsa zinthu pafupi ndi bwana sankafunsidwa kawiri. Ndende ya Mukobeko ndinkaidutsa pa njinga. Tsopano m'maganizo ndinayamba kuionera m'kati.

"Bwana, ni siliva chabe, alidehaidi ikalandila okosijeni..."

"Uzakamba bwino ku Mukobeko!"

Apa n'kuti bwana mwini sakuoneka. Tinamupeza pansi pa tebulo, atakumbatira ndowa ya mchenga, amayi onse aja akumuyang'ana. Anatuluka pang'onopang'ono, nadzisasa fumbi.

"Musiyeni," anatero mokweza. "Ni sayansi. Nenze kuziba kuti izapolika. Nenze kuona chabe ngati pansi mumapyanga na tsache."

Amayi anaomba m'manja. Potuluka bwana uja anandinong'oneza: "Ukakambako vya tebulo, uzagona kuja."

Siliva uja anandidetsa zala masabata awiri, ndipo galimoto iliyonse ikaima pageti ndinkabisa manja m'thumba. Kuyambira pamenepo mabotolo ndimatsuka tsiku lomwelo. Za tebulo ndinasunga pakamwa zaka zonsezi, ndipo ngakhale pano ndalemba chitseko chili chokhoma.