Ine, ndowa ndi kalaputopu ka mkazi wanga

Mukadzandiona pa ukwati ndakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, dziwani kuti ndikuthawa maikolofoni. Ndinadziputira ndekha.

Mlamu wanga Tisa, mng'ono wa mkazi wanga, ankakwatiwa Loweruka. Operekeza akwati ankayeserera magule kuseri kwa nyumba yathu ku Estates, ndipo nyimbo zawo zonse zinali m'kalaputopu ka mkazi wanga, kakang'ono ngati buku la nyimbo za kutchalitchi. Mavairasi anali atamangamo mudzi. Kamati kakaimbaimba n'kungoti zii, ovina miyendo ili m'mwamba.

Ine (popanda wondipempha) ndinati ndikachiritsa. Ndinali nditamva za Linakisi, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, imene ankati mavairasi saiyandikira.

"Bashi Dali, siyani chabe mpaka ukwati usile," anatero mkazi wanga, amene amandiitana ndi dzina la mwana wathu.

Zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Lachinayi m'mawa ndinasunga nyimbo pa fulashi (mundiyamikeko pamenepo), n'kufufuta zonse. Linakisi inalowa bwinobwino. Ndinabwezamo nyimbo, n'kudina. Kanakana! Akuti nyimbo za mtundu umenewu sizingaimbe ndisanatenge kachidutswa kena pa intaneti. Ndinalowetsa modemu. Nayo akuti singagwire ntchito ndisanatenge kachidutswa kena pa intaneti. Intaneti yake iti, pamene khomo lake ndi modemuyo? Ndinathamangira ku kafe ya intaneti kutauni, n'kupeza magetsi athima. Kunyumba wailesi yathu inali ya makaseti. Ndinatukwana makina, ine mkulu wa mpingo.

Madzulo ovina anafika pamodzi ndi ba Matroni, wowaphunzitsa magule. Awa ndi azakhali ake a mkazi wanga, ndiye kuti apongozi anga enieni, oti sindiwayang'ana m'maso.

"Apongozi, nyimbo zili kuti?"

"Zilimo, amayi, koma siziimba."

"Manje ngati siziimba, imbani ndimwe. Si mumazimvela masiku onse?"

Anandipatsa ndowa yoti ndiziimenya. Gule wolowera muholo, amene anali asanamuyambe, anamuphunzira ndi mawu anga, Lachinayi ndi Lachisanu. Ine ndimaimba mwachisumu, ngati kutchalitchi, pang'onopang'ono, ndipo miyendo yawo inazolowera momwemo.

Loweruka muholo, woimbitsa nyimbo anaika nyimbo yeniyeniyo kuchokera pa fulashi. Inali yothamanga kwabasi. Ovina anagundana, wina nsapato inamuvuka, ndipo ndinaona Tisa pakhomo akuluma mlomo kuti asalire. Mtima unandipweteka, chifukwa mwana uja sanandilakwire kanthu. Ba Matroni anakweza dzanja, nyimbo inaleka.

"Itanani apongozi! Wina alete baketi!"

Ndowa inabwera, ndipo ndinaimba pa maikolofoni nditavala suti, pamaso pa abusa, akuchimuna ndi anzanga a kuntchito. Ovina analowa mwaulemu osaphonya phazi, amayi akululutira, Tisa akuseka mpaka velo kugwedezeka.

Koma kalaputopu kaja sikanagwidwenso ndi vairasi mpaka lero. Ndikangoyamba kunena zimenezi, mkazi wanga amapita kukhitchini n'kubwera ndi ndowa.